Nsapato Yanu Yamanzere

Vubwi, Lachiwiri pa 9 Seputembala

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tadzuka, kungoti fumbi lachuluka ndipo madzi pa mjigo ayamba kuchedwa kutuluka.

Ndiyambe ndi chimene chinayamba, chifukwa mukundidziwa, ndikalumpha nkhani ndimasokera. Patatha miyezi inayi chikuikireni m'manda, ndinapweteka mdzukulu wanu Enelesi pa njinga. Ndabwera kawiri kudzalambula pamanda panu, koma nkhani iyi ndinkabwerera nayo m'kamwa. Tsiku limenelo linali la sikelo. Mkazi wanga Mailesi anali ndi malungo, ndiye anandipatsa chitenje n'kunena kuti ndimange miyendo ya mwana pa kaliyala. Ine ndinali ndi changu, matumba a anthu ankandidikira ku malire. Chitenje ndinangochipisa m'malaya. Potsetsereka paja pa kamtsinje, chidendene chamanja cha mwana chinalowa m'masipoko. Kulira kwake ndimakumvabe ndikamapopa njinga. Anesi anasoka, bala linapola, panatsala chipsera chonga tsamba la nsungwi. Kwa Mailesi ndinanena kuti chitenje chinamasuka chokha panjira. Linali bodza, Amayi, ndipo ndinakhala nalo zaka zitatu ndi theka.

Ndisanapite patali, ndikuuzeni za kumudzi. Mlongo wanga Dailesi ku Sinda anachira mwana wamwamuna mwezi wa Meyi, wachitatu tsopano. Ali ndi makutu a malemu atate. Nafenso tinapatsidwa wina, mng'ono wake wa Enelesi, panopa akukwawa ndipo chilichonse akuponya m'kamwa. Chimanga chaka chino chatuluka bwinoko, nkhokwe yadzaza mpaka pakhosi. Nshawa ndiye zinachita bwino kwambiri, mbewu yake ndi ija munatipatsa m'chigubu. Thonje ndinalisiya, limadya munthu. Nyumba yanu ku Mkaika denga linagwa mbali ya kukhitchini, koma mtengo wa mango uja ulipo, ana a eni ake akuudyera.

Tsono Enelesi. Atafika zaka zinayi tinayamba kuona kuti kayendedwe kake si kabwino. Akayima, bondo lamanja limakhala lopindika. Akayenda, amagwedezeka ngati ngolo ya tayala limodzi lophwa. Akapita kumjigo ndi anzake amabwerako ali womalizira, ndipo madzulo amati msana ukuwawa. Mwana wa zaka zisanu kudandaula msana, Amayi. Aliyense amene ankamuona ankayang'ana bondo lopindikalo, kenako chipsera chija, kenako ine. Sankafunika kunena kanthu. Mudzi wonse unagwirizana kuti mwendo wa m'masipoko unakhwinyata. Inenso ndinkadziwa choncho. Januwale akubwerayu ayenera kuyamba sukulu, ndipo sukulu yathu ili kutsidya kwa dambo. Ndinkawerenga mapazi a njira imeneyo ndi mtima, osaona kuti akafika bwanji.

Mukudziwa kuti kuno ndili pa chikamwini. Munandiuza tsiku londiperekeza kuti mkamwini akaona nyumba ikudontha sakwera padenga, amangosuntha mphasa. Ndasuntha mphasa kokwanira. Mwini mbumba kuno ndi aMbewe, amalume ake a Mailesi, aja anavina mpaka kugwa pa ukwati wathu. Si munthu woipa. Dimba limene ndikulima anandipatsa ndi iwo. Koma pakamwa pawo palibe chitseko. Chichitikireni ngozi ija anandipatsa dzina loti aSipoko. Mmawa uliwonse: "ASipoko, mwadzuka? Lero mukupera ndani?" Anthu n'kumaseka, inenso n'kumaseka nawo mano okha.

Titagulitsa nshawa, aMbewe anatiitana pansi pa mtengo n'kunena zimene anaganiza. Kutsidya ku Mozambiki kuli bambo wina wokoka ziwalo. Amatema mphini, amamanga mwendo ku thumba la mchenga, munthu n'kugona choncho masiku ambiri mpaka mwendo utawongoka. Anati mwana akakhala kumeneko mwezi wathunthu, ndipo adzamuperekeza ndi iwo. Mailesi analira mwakachetechete. Mwana ndi wa mbumba yawo, ndipo wopundula mwanayo ndinali ine. Ndikanayamba bwanji kukana?

Chimene chinandithandiza ndi msana wanga womwe. Kukankha njinga ya matumba atatu kukwera zitunda za kumalire kunandipatsa ululu m'chiuno, mwakuti kuvala nsapato kunkafuna kukhala pansi kaye. Dalaivala wina wa lole yogula chimanga anandiona ndikuwerama ngati nkhalamba, n'kundiuza kuti ku Katete kumabwera mayi wina wochokera ku Lusaka kumapeto a mwezi uliwonse, amene amakonza misana ndi manja okha, popanda jakisoni. Anati ntchito yawo amaitcha kayiropulakita. Ndinalibwereza dzinali njira yonse kuti ndisaliiwale. Ndinapita kwa aMbewe, ndinagwada, ndinapempha kuti tisanawoloke malire tikayese kaye kumeneko kamodzi kokha. Iwo anati, "Chabwino aSipoko. Koma ndipita nawo, ndikaone ndi maso anga matsenga a ku Lusaka. Akalephera, Lolemba tikuwoloka."

Inali sabata ya mwambo wa Kulamba, malole opita ku Mkaika anali ambiri, ndiye tinakwera imodzi kudzera ku Chadiza. Enelesi anali pamiyendo panga njira yonse, akuwerenga ng'ombe. Ine ndinkangoganiza za Lolemba.

Malo a mayi uja ndi kachipinda kuseri kwa mashopu, pafupi ndi msika. Muli bedi lowonda lokhala ndi bowo poika nkhope. Pakhoma panapachikidwa msana wa munthu, mafupa okhaokha kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Ndinabwerera m'mbuyo. AMbewe anavula chipewa. Mayiwo anaseka n'kutiuza kuti ndi wapulasitiki, n'kundipatsa kuti ndiugwire. Amayi, ine ndasenda mbuzi zambiri, koma sindinaganizepo kuti inenso mkati ndili chomwechi. Timafupa tosanjikizana bwinobwino, kalikonse ndi kakhushoni kake pakati, ndipo zonsezo zakhala pa chiuno ngati nkhokwe pa miyala yake. Anandionetsa kuti mukapendeketsa chiuno pang'ono, msana wonse umapindika kufunafuna kuti mutu ukhale wowongoka. Mwala umodzi wa nkhokwe ukatitimira, zonse za pamwamba zimatsatira. Izi ndinazimva msanga.

Ndi mayi wachitsikana ndithu, mwina wamng'ono kwa Dailesi, ndipo amalankhula chinyanja cha m'tauni. Anafunsa, "Ni mwendo uti wamene uvuta?" AMbewe anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Wamanja, mayi. Ukhwinyata. Anaupera ndi njinga bambo akewa." Mayiwo anangouza Enelesi kuti ayende mpaka pakhomo n'kubwerera, katatu. Chimene chinandidabwitsa n'choti sankayang'ana mwendo. Ankayang'ana mapewa ndi chiuno. Kenako anamugoneka chagada pabedi, anatulutsa tepi ngati ya telala, n'kuyeza kuchokera pa fupa la m'chiuno mpaka pa kakolo. Wamanja kawiri, wamanzere kawiri. Anagwiragwira chipsera chija, anapinda phazi uku ndi uku, n'kufunsa mwana ngati zikuwawa. Enelesi anati zikunyerenyetsa.

Ndiye anamuimika pansi, iwo n'kugwada kumbuyo kwake, zala zazikulu ataziika pa mafupa a m'chiuno, china uku china uku. Ngakhale ine ndinaona kuti chala chimodzi chili m'munsi. Anatenga timatabwa topyapyala n'kulowetsa kamodzi pansi pa phazi lamanzere. AMbewe anatsokomola. "Mayi, mwasokoneza. Wodwala ndi winawo." Iwo anangoti, "Yembekezani, atate." Analowetsa kachiwiri. Kenako kachitatu.

Amayi, ndikanakonda mukanakhalapo. Bondo lamanja lija, limene kwa zaka pafupifupi ziwiri sitinalionepo litawongoka, linawongoka lokha. Palibe analigwira. Mapewa analingana. Mwana anatalika ine ndikuona, ngati chimanga chofota chikalandira mvula. Iye mwini anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti, "Atate, pansi pafika." Ine ndinangokhala pa benchi.

Mayiwo anatifotokozera pang'onopang'ono. Mwendo wamanja ulibe vuto lililonse. Masipoko anadya khungu lokha, fupa sanalikhudze. Waufupi ndi wamanzere, ndi masentimita awiri. Mwana amapinda bondo la mwendo wautali dala kuti ulingane ndi unzake, ndiye anthu n'kumaona ngati wopindikawo ndiye wodwala. Anati zikuoneka kuti anabadwa nazo, koma tikajambulitse ekisire kuchipatala chachikulu kuti tidziwe bwino za chiuno ndi mafupa. AMbewe analankhula motsitsa mawu, ngati akudziuza okha: "Ndiye kuti ife tikanakakoka wautaliwo."

Ndinafunsa ngati angautalikitse ndi manja awo aja. Anakana poyera. Anati manja awo satalikitsa fupa, ndipo aliyense wotiuza kuti angathe kutero ndi manja kapena ndi thumba la mchenga akutinamiza. Chimene angachite ndi kufewetsa minofu ya kumsana imene yauma chifukwa choyenda mopendekeka, kutiphunzitsa timasewera toti mwana azichita mmawa, ndi kukweza nsapato yamanzere. Osati zonse tsiku limodzi, koma theka kaye, thupi lizolowere. Anajambula papepala mmene wosoka nsapato adulire: kokhuthala ku chidendene, n'kumapyapyala chakuzala kuti phazi lizigudubuka poyenda. Anati miyezi isanu ndi umodzi iliyonse tiziyezanso, chifukwa mwana akukula, ndipo kusiyanako kukamakula adzatitumiza kwa madokotala a mafupa. Munthu wonena yekha pamene nzeru zake zathera, ine ndinamukhulupirira pomwepo.

Nanenso anandigoneka. Nditagona, aMbewe anaona okha kuti chidendene changa chimodzi chili m'mwamba, n'kuyamba kale kuseka. Koma tepi inati miyendo yanga ndi yofanana. Mayiwo anati kusiyana kwa miyendo kuli pawiri: kwa mwana n'kwenikweni, kuli m'fupa, koma kwanga n'kwabodza, chiuno chinapotoka chifukwa ndimakankha njinga ndili mbali imodzimodzi chaka ndi chaka. Anandigoneka chammbali, anandipinda ngati akumanga mtolo, anati ndipume, kenako anatsindika kamodzi. Munalira ngati phesi louma likamathyoka. AMbewe anadumpha mpaka pakhomo akunena kuti, "Mwamuthyola mkamwini, atilimira ndani?" Ine ndinadzuka, ndinayenda, ndinawerama mpaka kugwira zala za kuphazi. Ululu sunathe wonse, koma unali ngati munthu wanditula thumba limodzi mwa atatu. Anandilangiza kuti ndizisinthasintha mbali pokankha njinga. Atawauza aMbewe kuti nawonso agone, anati iwo msana wawo anauzolowera momwemo.

Tikutsanzika, mayiwo anafunsa ngati kubanja kuli wina amene ankayenda chotere. Anati nthawi zina zimapezeka pachibale, nthawi zambiri ayi, sangalumbire. AMbewe anati kwawo kulibe, onse ndi milongoti. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti kwathunso kulibe. Koma ndinakuonani m'maganizo, Amayi. Ndinakuonani mukuchokera kumunda ndi mtolo pamutu, phazi limodzi pamwamba pa mzere, lina m'khwawa, mzere wonse mpaka kumapeto. Ndili mwana ndinakufunsani chifukwa chake mumaponda mizere pamene ife mumatikalipira tikaponda. Munati, "Pansi pano palibe polingana, mwanawe. Munthu umangofuna pokuyenera." Ine ndinkayesa ndi mwambi chabe.

Ndinapempha mayiwo kuti andionetse masentimita awiriwo pa chinthu chogwirika, chifukwa manambala amandithawa. Anathyola kamtengo ka machesi pa muyeso wake. Ndinakaika m'kathumba ka reji, chiphaso changa chija.

Mmawa mwake aMbewe anatsala ku Mkaika kuonera magule, ine ndi Enelesi tinakwera minibasi ya ku Sinda. Ndinkafuna nsapato zanu zija za tayala. Mukukumbukira, kapena simungadziwe poti munali mutagona kale: pogawa zovala zanu, zitenje zinalimbiranidwa, koma nsapato za tayala palibe anazifuna. Dailesi anangoziponya m'thumba. Nditamufunsa, anaseka. Anati yamanja anaiduladula kale kupangira mahinjesi a khola la mbuzi. Yamanzere anandilozera m'nyumba. Inali pansi pa mwendo wa kabati imene inkagwedera. Zaka zonsezi ikugwirabe ntchito yake yomweyo.

Tinanyamula kabati, ndinaitulutsa, ndinaipukuta ndi malaya. Ndinakhala pakhonde n'kuiyang'anitsitsa kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Pansi pake pali mphira wina wowonjezera, wokhomedwa ndi timisomali topindidwa nsonga kuti tisabaye. Ku chidendene ndi wokhuthala. Chakuzala ukunka nupyapyala, wosengedwa bwinobwino. Ndinatulutsa pepala la adokotala n'kuliika pambali pake. Amayi, chinali chinthu chimodzi. Ndinatulutsa kamtengo ka machesi n'kuyeza. Yanu inaposa pang'ono, ngati chikhadabo. Mbali yomweyo, yamanzere.

Ndinafunsa Dailesi kuti ankakupangirani ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti dzuwa limatuluka kuti. Anati munkapanga nokha, kuseri kwa nkhokwe, ndi mpeni wowotcha pamoto. Mumati mukadula, mumavala, mumayenda mpaka pa mtengo wa mango ndi beseni lodzaza madzi pamutu. Madzi akatayikira mbali imodzi, mumabwerera kukasenganso kapena kuwonjezera, mpaka beseni lifike osataya dontho. Inu amene simunalowepo m'kalasi, amene posaina munkadinda chala. Chimene mayi uja anakaphunzira zaka ndi zaka ndi tepi ndi timatabwa, inu munachipeza ndi beseni la madzi. Ndakhala ndikuganiza zimenezi masiku onsewa ndipo mutu wanga sukuzimaliza. Ndinafunsa Dailesi chifukwa chake ine sindinauzidwe. Anati munamuletsa. Munati anyamata amachita manyazi msanga.

Apa ndiye pali chimene ndalembera kalatayi.

Munanena zoona, ndinachita manyazi. Anzanga ku mpira ankandiseka kuti amako avala thirakitala phazi limodzi, njinga phazi lina. Ine ndinkayesa kuti ndi umphawi, kuti munatola nsapato ziwiri zosiyana. Ndiye chaka chija ndinagulitsa thonje langa loyamba, ndinapita pa msika wa Katete n'kukugulirani nsapato zakuda zachikopa, zofanana bwinobwino. Ndinaziyezanso m'manja kuti zisasiyane ngakhale pang'ono. Ndinakupatsani pamaso pa anthu, n'kunena kuti za tayala zija musadzavalenso kutchalitchi, mukutichititsa manyazi. Inu munalulutira. Munavina nazo pabwalo. Munauza mudzi wonse kuti mwana wanga wakula. Munangonena kamodzi kokha, mukuseka, kuti, "Nsapato zabwino izi, zikungofuna msewu wopendekeka." Ine ndinaseka nawo osamva kanthu.

Ndipo munazivala Sabata lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ulendo wonse uja wa kutchalitchi, kupita ndi kubwera. Tsopano ndadziwa chifukwa chake munkakakamira kuyenda m'mphepete mwa msewu mbali yamanja, popita ndi pobwera pomwe, mpaka kuwoloka dala. Ine ndinkati mukuopa magalimoto. Munkafuna kuti phazi lamanzere liponde pokwera. Ndadziwanso chifukwa chake Lolemba lililonse munkagona pamphasa mutamanga chitenje m'chiuno, n'kumati ndi ukalamba. Ukalamba wanji wobwera Lolemba lokha? Ndinafunsa Dailesi kuti bwanji simunangokhoma mphira pansi pa yachikopayo. Anati anakuuzanipo, inu n'kuyankha kuti mphatso ya mwana sakhomamo msomali.

Zaka zitatu ndi theka ndakhala ndikudziimba mlandu wa mwendo umene sindinaupundule. Mlandu weniweni unali kwina, ndipo mwini wake sanandisumire. Ndinalira pakhonde la Dailesi, alamu anga akuyang'ana kumbali. Enelesi anabwera n'kulowetsa phazi lake m'nsapato yanu, n'kumaikoka pabwalo ngati bwato.

Ku Sinda komweko kuli bambo wosoka nsapato pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinagula nsapato zansalu za Enelesi, zokulirapo pang'ono, ndinamupatsa bamboyo pepala la adokotala, kamtengo ka machesi, ndi nsapato yanu. Pepala analiyang'ana pang'ono n'kuliika pansi. Nsapato yanu anaitembenuza kangapo, akuyendetsa chala m'mphepete. Anafunsa kuti mmisiri ameneyu ali kuti, amuphunzitseko kasengedwe. Ndinati anapita. Anati pepani, n'kuyamba kudula akuyang'anira pa yanuyo. Anaika theka la muyeso monga anatiuzira, theka linalo tidzawonjezera mwezi wamawa.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi akuivala. Masiku awiri oyamba ankati ikulemera, ndipo ankaivula ndikangotembenuka. Tsopano wayamba kuikonda. Dzulo anabwera kuchokera kumjigo ali pakati pa anzake, osati kumbuyo. Msana sanadandaule chiyambire Lachisanu. Ana ena anayamba kumuseka kuti wavala njerwa. Ndinafuna kutuluka ndi chikwapu. Koma ndinamumva yekha akuwayankha kuti, "Ndi ya agogo anga iyi, inu agogo anu anakusiyirani chiyani?" Pakamwa pamenepo si pa ine, Amayi. Mukudziwa kumene anapatenga.

Mailesi ndinamuuza zoona za chitenje chija. Tinali kudimba, tikuthirira repu. Ndinayamba ndi kutali, ndikuzungulira, iye akungotunga madzi. Nditamaliza anati, "Bambo a Enelesi, chitenje chimene chamasuka panjira chimabwera chopindidwa mmene ndinachipindira ine?" Ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anati ankaona kuti ndikudzilanga kale kuposa mmene iye akanandilangira. Akazi inu mumasunga zinthu zolemera bwanji osapendekeka?

AMbewe za ku Mozambiki sanazitchulenso. Dzina la aSipoko silinathe, limawapulumukabe, koma tsopano amalinena mofewa. Tsiku lina anandipeza ndikuchititsa mwana timasewera take ta mmawa. Anaima, anaonerera, kenako anati, "Mkamwini, mwanayu ndi wathu, zimenezo sizisintha. Koma mwendowu ndi wa kwanu. Za mwendo muzilamula ndinu." Anatero akuseka, koma anatero pamaso pa anthu. Chikhalire pamudzi pano sindinapatsidwepo chinthu choti ndilamule. Ndapatsidwa mwendo umodzi, wamanzere, ndipo ndaulandira ndi manja awiri.

Nkhawa sizinathe, musaganize kuti ndagona tulo. Ekisire tikajambulitsa mwezi wamawa ndipo sindikudziwa kuti ikaonetsa chiyani. Mvula ikayamba, dambo lija la kusukulu lidzadzaza matope, ndipo ana onse amawoloka nsapato zili m'manja. Phazi lake likukula msanga, ndiye ntchito yosenga mphira idzakhala ya chaka ndi chaka. Ndayamba kuphunzira. Ndinapeza chidutswa cha tayala, ndanola mpeni, ndipo ziwiri zoyamba ndawononga. Nsapato yanu ndaipachika pa msomali pamwamba pa chitseko kuti ndizionera. Kabati ya Dailesi tinaiikira njerwa.

Mumati ngongole imene mwini wake sakuitchula ndi imene imalemera. Yanga kwa inu ndaiyeza tsopano, ndikuidziwa kukula kwake: kamtengo ka machesi kothyola, kuwonjezapo chikhadabo, Sabata lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Kumeneko sindingakutumizireni. Ndidzabweza kwa Enelesi. Malinga ndili moyo sadzavala nsapato zofanana pofuna kusangalatsa munthu, kaya kutchalitchi, kaya kusukulu, ngakhale pa tsiku la ukwati wake. Mwamuna amene adzamugulire zofanana, ndidzakhoma msomali ndine, iye akuona.

Tikadzabwera kudzalambula mvula isanagwe, ndidzabwera naye. Adzayenda kuchokera pamsewu mpaka pamene mwagona ndi beseni la madzi pamutu, kuti muone nokha ngati ndasenga bwino.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndinachedwa kukuyang'anani kumapazi.

Ine mwana wanu,
Penyani